Todo sobre mi madre: mafunso ndi mayankho pa filimu ya Pedro Almodóvar yonena za ochita zisudzo ndi chikondi chawo chosokonekera

Tsamba lino likuyankha mafunso amene anthu amakhala nawo asanaonere kapena atangoonera filimu ya ku Spain yotchedwa Todo sobre mi madre, imene m'mayiko olankhula Chingerezi imadziwika ndi dzina lakuti All About My Mother. Mayankho ambiri akuulula mmene nkhaniyo imathera, choncho amene sanaionere ndipo sakufuna kudziwiratu mathero ake angachite bwino kuwerenga yankho loyamba lokha, n'kudzabweranso akaionera.

Kodi filimuyi anaipanga ndani, ndipo inatuluka liti?

Amene analemba nkhani yake komanso kutsogolera ntchito yoijambula ndi Pedro Almodóvar, yemwe anabadwa mu 1949 m'tauni yaing'ono ya Calzada de Calatrava, m'chigawo cha La Mancha. Ali mnyamata anasamukira ku Madrid, kumene anagwira ntchito zaka zambiri kukampani ya matelefoni ya Telefónica kwinaku akujambula timafilimu tatifupi ndi anzake. Dzina lake linayamba kumveka pa nthawi imene achinyamata a mumzindawo ankasangalala ndi ufulu umene unabwera wolamulira wankhanza Francisco Franco atamwalira mu 1975. Todo sobre mi madre inali filimu yake yaitali ya nambala 13. Inatuluka ku Spain mu Epulo 1999 kudzera kukampani ya El Deseo, imene iye anakhazikitsa pamodzi ndi mng'ono wake Agustín, ndipo kuionera yonse kumatenga pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 40.

Nanga nkhani yake imayenda bwanji?

Manuela ndi namwino wochokera ku Argentina amene ankagwira ntchito pachipatala china ku Madrid, m'gawo loona zopereka ziwalo za anthu omwalira kwa odwala amene akuzifunikira. Ankalera yekha mwana wake wamwamuna, Esteban, mnyamata wolakalaka kudzakhala mlembi, yemwe za bambo ake anangouzidwa kuti anamwalira iye asanabadwe. Tsiku limene Esteban ankakwanitsa zaka 17, awiriwa anapita kukaonera sewero la Tennessee Williams la A Streetcar Named Desire, mmene katswiri wotchuka Huma Rojo ankasewera ngati Blanche. Seweroli litatha anadikirira panja, mvula ikugwa, kuti Huma asaine m'kope la mnyamatayo, koma Huma analowa m'takisi pamodzi ndi mnzake Nina, ndipo Esteban pothamangira takisiyo anagundidwa ndi galimoto ina mayi ake akuona, ndipo anamwalira.

Manuela, amene ankathandiza kuphunzitsa madokotala mmene angapemphere anamfedwa ziwalo za m'bale wawo, tsopano ndi iye amene ankapemphedwa, ndipo anasaina kuti mtima wa mwana wake ukaikidwe mwa bambo wina wa ku A Coruña. M'kope la mwanayo anapezamo mawu osonyeza kuti ankafunitsitsa kudziwa bambo ake, kaya anali munthu wotani, kaya anawachitira zotani mayi ake. Zimenezi zinachititsa Manuela kusiya ntchito n'kukwera sitima kubwerera ku Barcelona, mzinda umene anathawamo ali ndi pakati, kuti akafunefune mwamuna wake wakale, amene tsopano ankakhala moyo wa munthu wamkazi ndipo ankatchedwa Lola.

Lola sanapezeke msanga. Manuela anapeza Agrado, mnzake wakale amene ankagulitsa thupi, yemwenso anabadwa mwamuna koma anasintha thupi lake, ndipo kudzera mwa iye anadziwana ndi Rosa, sisitere wachitsikana wothandiza anthu ovutika a m'misewu. Rosa ankakonzekera kupita kukatumikira ku El Salvador, koma zinadziwika kuti ali ndi pakati, kuti mwini mimbayo ndi Lola, ndiponso kuti watenga kachilombo ka HIV. Pa nthawi yomweyo gulu la zisudzo la Huma linali litafika ku Barcelona ndi sewero lomwe lija, ndipo Manuela analembedwa ntchito yothandizira Huma, mpaka usiku wina analowa m'malo mwa Nina pasiteji. Kenaka anasiya ntchitoyo kuti azidwazika Rosa m'nyumba mwake. Rosa anamwalira pobereka, khandalo linatchedwa Esteban, ndipo Manuela ndi amene analitenga. Lola anaonekera kumanda tsiku loika maliro a Rosa, akudwala kwambiri, ndipo m'pamene anamva koyamba kuti anali ndi mwana wamwamuna amene anamwalira asanaonane naye. Poona kuti agogo ake a khandalo ankachita mantha ngakhale kuligwira, Manuela anathawa nalo kuchoka ku Barcelona, ndipo anabwererako patapita zaka ziwiri mwanayo ali wathanzi.

N'chifukwa chiyani zisudzo zili ponseponse m'filimuyi?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa amene wamvetsa yankho lake wamvetsa filimu yonse. Kwa Almodóvar, kusewera sikuthera m'nyumba ya zisudzo. Koyamba kumuona Manuela akusewera ndi kuchipatala, pa maphunziro a madokotala, pamene akuyerekeza kukhala mayi amene mwamuna wake wangomwalira ndipo madokotala awiri akumupempha ziwalo za malemuyo, uku mwana wake Esteban akuonerera. Pasanapite nthawi, madokotala omwewo akubwera kwa iye ndi mawu pafupifupi omwewo, koma tsopano palibe kamera ya maphunziro ndipo womwalirayo ndi mwana wake weniweni. Woonera amazindikira pompo kuti m'filimuyi zimene zayamba ngati sewero zimadzachitikadi, ndipo zimene zachitikadi zimadzabwereranso pasiteji.

N'chimodzimodzinso ndi A Streetcar Named Desire. Manuela ali mtsikana ku Argentina anasewerapo ngati Stella, mng'ono wake wa Blanche, m'gulu la zisudzo la anthu ongodzipereka, ndipo amene ankasewera ngati Stanley Kowalski, mwamuna wankhanza wa Stella, ndi amene anadzakhala mwamuna wake. Seweroli linamupatsa banja, ndipo patapita zaka linamulanda mwana. Choncho pamene Nina, wosewera ngati Stella, walephera kukwera pasiteji chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo, Manuela akudziwa kale mawu onse a Stella, akuvala mimba yongopanga, ndipo pofika pamene Stella wayamba kumva zowawa za kubereka, iye akulira kulira kumene sikukuchokera m'sewero ayi. Anthu odzaonera akuomba m'manja poganiza kuti aona luso, pamene ife tikudziwa kuti aona mayi wofedwa. Palinso china chimene odziwa seweroli amaona msanga. M'sewero la Williams la mu 1947, Stella amatsalabe ndi Stanley, koma mmene likuchitikira m'filimuyi, Stella akunyamula khanda lake n'kunena kuti sadzabwereranso m'nyumbamo, zomwe ndi zimene Manuela anachita kawiri konse.

Kunja kwa siteji nakonso aliyense akusewera. Manuela akudziwika kuchipatala ngati mkulu wake wa Rosa ngakhale palibe ubale, akufotokozera Rosa mbiri ya banja lake ngati kuti ndi ya mnzake wina, ndipo Rosa akumubweretsa kwa makolo ake ngati wophika wofuna ntchito. Mayi ake a Rosa amapeza ndalama pojambula zithunzi zonamizira kuti ndi za Marc Chagall. Filimuyi imaona kuyerekeza kotereku ngati luso limene akazi akhala akuligwiritsa ntchito pofuna kuteteza anthu awo ndi kusunga mtendere m'nyumba, koma sikubisa mtengo wake. Bodza limene Manuela anauza mwana wake linali lofuna kumuteteza, komabe mnyamatayo atapeza zithunzi zakale zodulidwa pakati analemba kuti moyo wakenso ukusowa theka lomwelo, ndipo anamwalira usiku womwe mayi ake analonjeza kuti amuuza zoona.

Kodi ndi filimu yoseketsa kapena yomvetsa chisoni?

Ili ndi zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri zimabwera m'chochitika chimodzi. Amene anakhalapo pamaliro kumudzi, n'kuona adzukulu akuponya nthabwala anamfedwa ali pomwepo, sangadabwe ndi kusakanikirana kumeneku, chifukwa amadziwa kuti kuseka kotero sikunyoza womwalirayo. Nthabwala zambiri zimachokera kwa Agrado, munthu wa pakamwa posabisa kanthu, amene amayankha aliyense mwachangu ngakhale nkhope yake ili yotupa ndi zibakera. Pali malo ena pamene akazi anayi, Manuela, Rosa, Huma ndi Agrado, akhala pampando m'nyumba ya lendi, akumwa ndi kudya ayisikilimu, akuseka nkhani zolaula, chonsecho wina mwa iwo ndi wofedwa, wina ali ndi matenda amene angamuphe, ndipo wina chibwenzi chake chikutha.

Chochitika chotchuka kwambiri ndi cha usiku umene sewero linalephereka chifukwa Huma ndi Nina anali kuchipatala. Agrado, amene tsopano ankagwira ntchito ya Manuela ija, anatuluka kutsogolo kwa katani kukalengeza zimenezi, ndipo anauza anthu kuti ofuna kutsala awafotokozera mbiri ya moyo wake. Anayamba kutchula chiwalo chimodzichimodzi chimene madokotala anakonza, maso, mphuno, mabere, ndi ndalama zimene analipira pa chilichonse, anthu akufa ndi phwete, kenaka anamaliza ndi ganizo lakuti munthu amakhala weniweni kwambiri pamene wafanana ndi chimene analota kudzakhala. Almodóvar ananenapo kuti maganizo a chochitikachi anawatenga pa nkhani ya Lola Membrives, katswiri wa zisudzo wa ku Argentina, amene magetsi atazima m'nyumba ya zisudzo anasankha kufotokozera anthu za moyo wake m'malo mowabweza.

Ndani akukondana ndi ndani m'nkhaniyi?

Zingwe zambiri zimakumana pa Lola. Iye anali mwamuna wa Manuela, dzina lake panthawiyo lili Esteban, ndipo atapita kukagwira ntchito ku Paris anabwerako thupi lake litasintha, koma Manuela, amene analibe wachibale aliyense ku Spain, anapitirizabe kukhala naye mpaka pamene anatenga pakati. Patapita zaka, Agrado anamusunga Lola m'nyumba mwake, ndipo Lola anamubera katundu ndi ndalama n'kuthawa. Rosa anamusamalira pamene ankayesa kusiya mankhwala ozunguza bongo, ndipo m'pamene mimba ndi kachilombo zinachokera. Motero anthu atatu amene sakanadziwana n'komwe anagwirizanitsidwa ndi munthu mmodzi amene anawapweteka onse.

Chikondi china ndi cha Huma ndi Nina, akazi awiri osewera ngati munthu ndi mng'ono wake pasiteji, amene kuseri ali pachibwenzi. Nina ndi wamng'ono, waukali, ndiponso kapolo wa mankhwala ozunguza bongo a heroin, ndipo Huma, ngakhale ndi wotchuka, amayenda usiku m'malo oopsa a mzindawo kumufunafuna, n'kuvomereza yekha kuti wakodwa ndi Nina monga mmene Nina wakodwera ndi mankhwalawo. Pamapeto timamva kuti Nina anabwerera kwawo, anakwatiwa ndipo ali ndi mwana. Palinso Mario, wosewera ngati Kowalski, amene amanyengerera Agrado m'chipinda chovalira, koma zakezo ndi chilakolako chabe ndipo filimuyi imazitenga ngati nthabwala.

Chodziwika bwino n'chakuti palibe chibwenzi kapena banja ngakhale limodzi limene likufika kumapeto lili lamoyo. Chimene chikupirira ndi ubwenzi wa anthu amene anakumana mwangozi n'kuyamba kudwazikana, kuphikirana ndi kulerelana ana. Huma atangokumana ndi Manuela anabwereza mawu otchuka a Blanche onena za kudalira chifundo cha anthu osawadziwa, ndipo pamene m'sewero la Williams mawuwa amanenedwa ndi mayi amene akupita naye kuchipatala cha amisala, m'filimuyi chifundo cha mlendo chikukhaladi chodalirika.

Kodi filimuyi ikumukhululukira Lola?

Sikumuyeretsa. Manuela amamufotokoza ngati munthu amene anatenga zoipa za amuna n'kuphatikiza ndi zoipa za akazi, amene ankavala zimene akufuna koma n'kumaletsa mkazi wake kuvala siketi yaifupi, ndipo atakumana naye kumanda amamuuza maso ndi maso kuti iye ndi mliri. Komabe Manuela yemweyo amabweretsa khanda lija kuti Lola alione ndi kulinyamula, amamupatsa chithunzi cha Esteban woyamba, ndipo amamulola kuwerenga zimene mnyamatayo analemba za bambo ake. Sakuchita zimenezi chifukwa chakuti Lola ndi woyenera, koma chifukwa chakuti ndi ngongole imene anali nayo kwa mwana wake womwalirayo.

Anthu ena akhala akudandaula kuti munthu wosintha thupi ndi amene waikidwa kukhala gwero la matenda ndi imfa m'nkhaniyi. Dandauloli lili ndi maziko ndipo siliyenera kunyalanyazidwa, koma liyenera kuyezedwa pamodzi ndi Agrado, amene ndi munthu wokhulupirika ndi wanzeru kuposa wina aliyense m'filimuyi, ndipo woonera amatuluka akumukonda.

Kodi mayi amene akutchulidwa m'dzina la filimuyi ndi mayi wa ndani?

Poyamba ndi mayi wa Esteban. Kumayambiriro, iye ndi Manuela akuonera pa TV filimu ya ku America ya mu 1950 ya All About Eve, mmene Bette Davis akusewera ngati katswiri wa zisudzo amene mtsikana womutumikira akufuna kumulanda malo, ndipo mnyamatayo akutengera dzinalo poyamba kulemba za mayi ake m'kope. Filimu yakaleyi imabweranso pamene Nina akunena Manuela kuti anachita dala kuloweza mawu a Stella kuti amulande ntchito. Imfa ya Esteban nayonso inatengedwa ku filimu ya John Cassavetes ya mu 1977 ya Opening Night, mmene mtsikana wokonda katswiri wina wa zisudzo amagundidwa ndi galimoto mvula ikugwa. Almodóvar sabisa kumene anatenga zinthu zimenezi, ndipo kumapeto amapereka filimu yake kwa Bette Davis, Gena Rowlands ndi Romy Schneider, kwa akazi onse amene amasewera, kwa amuna amene amasewera n'kukhala akazi, kwa onse ofuna kukhala amayi, ndiponso kwa mayi ake.

Mayi akewo, a Francisca Caballero, anaonekerapo m'mafilimu angapo a mwana wawo, ndipo anamwalira mu Seputembala 1999, patangopita miyezi yochepa filimuyi itatuluka. Almodóvar analemba kuti banja lawo likukhala ku Extremadura, mayi ake ankawerengera makalata anansi awo osadziwa kuwerenga, ndipo iye ali mwana anazindikira kuti ankawonjezeramo mawu amene sanalembedwe, monga akuti mdzukulu akukumbukira agogo ake, chifukwa ankadziwa zimene wolandira kalatayo ankalakalaka kumva. Nkhani imeneyi ikuthandiza kumvetsa chifukwa chake mwana wawo amalemekeza akazi amene amasewera popanda siteji.

Kodi n'zotheka kuti khanda lichotse kachilombo ka HIV m'thupi monga mmene filimuyi ikusonyezera?

Pano woonera ayenera kusamala. Kumapeto kwa filimuyi Manuela akunena kuti kachilombo kasowa m'thupi la mwanayo mofulumira modabwitsa, ndipo madokotala akufuna kumuphunzira pamsonkhano wa za Edzi kuchipatala cha Can Ruti. Zimene zimachitikadi kawirikawiri n'zakuti khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo limatengera kwa mayiyo tizinthu ta chitetezo cha m'thupi timene zipangizo zoyezera zimaona, ndipo timeneti tingakhalebe m'magazi mpaka miyezi 18 ngakhale mwanayo alibe kachilombo. N'chifukwa chake makanda amayezedwa ndi njira ina yofufuza kachilombo kenikeniko, imene ku Malawi imachitika mwana akakwanitsa masabata 6. Mwana amene wapezekadi nako amafunika ma ARV, ndipo palibe amene ayenera kusiyitsa mwana mankhwala chifukwa cha mathero a filimu.

Ndi bwinonso kukumbukira nthawi imene nkhaniyi inalembedwa. Dziko la Spain linali limodzi mwa mayiko a kumadzulo kwa Ulaya amene Edzi inawakantha kwambiri, makamaka kudzera m'majakisoni a heroin amene anthu ankabwerekana. Kafukufuku wa mu 1994 anasonyeza kuti mankhwala a AZT amachepetsa kwambiri mwayi woti mayi apatsire mwana, ndipo mankhwala ophatikiza amphamvu anayamba kufala mu 1996, choncho mu 1999 chiyembekezo chinali chikungoyamba kumene pomwe mantha anali adakali aakulu. Mantha a mayi ake a Rosa, amene akuopa kuti khanda lingawakande, ndi chinthu chimene mabanja ambiri kwathu kuno anachiona ndi maso m'zaka zomwezo, Malawi asanayambe mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo.

Nanga zopereka ziwalo zija ndi zenizeni?

Inde. Dziko la Spain lili ndi bungwe la boma loyendetsa ntchitoyi, Organización Nacional de Trasplantes, limene linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri dzikoli lakhala patsogolo padziko lonse pa chiwerengero cha anthu opereka ziwalo akamwalira. Chinsinsi chake chagona pa anthu ophunzitsidwa bwino amene amakhala m'zipatala n'kumalankhula ndi anamfedwa, ntchito yofanana ndi ya Manuela. Almodóvar anali atasonyezapo kale maphunziro oyerekezera aja kumayambiriro kwa filimu yake ya mu 1995 ya La flor de mi secreto, mmene namwino wochita seweroloyo dzina lake analinso Manuela.

Kodi amene anasewera m'filimuyi ndi ndani?

Manuela ndi Cecilia Roth, wobadwira ku Buenos Aires, amene banja lake linasamukira ku Spain mu 1976 asilikali atalanda boma ku Argentina, ndipo anali atagwirapo kale ntchito ndi Almodóvar m'mafilimu ake oyambirira. Huma ndi Marisa Paredes, katswiri weniweni wa pasiteji amene pambuyo pake anatsogolera bungwe la opanga mafilimu la ku Spain ndipo anamwalira mu Disembala 2024. Rosa ndi Penélope Cruz, amene pa nthawiyo anali asanatchuke padziko lonse monga lero, Nina ndi Candela Peña, Esteban ndi Eloy Azorín, ndipo Lola ndi Toni Cantó. Agrado ndi Antonia San Juan, mkazi wa ku zilumba za Canary, amene anasewera mogwira mtima kwambiri moti anthu ambiri anakhulupirira kuti akufotokoza moyo wake weniweni.

Makolo a Rosa ndi Rosa Maria Sardà ndi Fernando Fernán Gómez. Mkulu ameneyu, yemwe anali mmodzi mwa zimphona za zisudzo ndi mafilimu a ku Spain, amaoneka kwa mphindi zochepa chabe ngati bambo wodwala matenda oiwala, koma chochitika chake chimodzi n'chosaiwalika. Rosa akupita kuchipatala akupempha takisi kuti idutse pabwalo limene ankasewerapo ali mwana, galu wa kwawo akumuzindikira n'kumuthamangira, koma bambo ake akumufunsa zaka zake ndi kutalika kwake ngati mmene amafunsira mlendo aliyense.

N'chifukwa chiyani nyimbo ya ku Africa ikumveka pamene Manuela akufika ku Barcelona?

Nyimboyo ndi Tajabone, ya woimba wa ku Senegal Ismaël Lô, yoimbidwa m'Chiwolofu. Imayamba sitima itatuluka m'ngalande ya pansi pa phiri, kamera n'kuonetsa mzinda wonse usiku kuchokera m'mwamba, kenaka tchalitchi cha Sagrada Família chikuonekera pagalasi la takisi, mpaka kukafika kuthengo la kunja kwa mzinda kumene magalimoto amazungulira anthu ogulitsa thupi. Kufatsa kwa nyimboyo kumachititsa kuti malo owawitsa mtimawo aoneke ndi maso achifundo, ndipo kumagwirizana ndi Barcelona amene filimuyi ikusonyeza, mzinda wa padoko wodzaza ndi anthu ochokera kutali, Manuela ndi Lola ali m'gulu lomwelo. Nyimbo zina zonse anapeka ndi Alberto Iglesias, ndipo wojambula anali Affonso Beato wa ku Brazil. Almodóvar anali atazolowereka ngati wojambula za Madrid, ndipo aka kanali koyamba kuti nkhani yake yambiri ichitikire ku Barcelona, m'malo monga nyumba ya zisudzo ya Tívoli ndi manda a paphiri la Montjuïc.

Kodi inalandira mphotho zotani?

Pachikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 1999, Almodóvar analandira mphotho ya wotsogolera filimu wopambana. Mu Januwale 2000 filimuyi inatenga mphotho 7 za Goya, zimene ndi zapamwamba kwambiri ku Spain, kuphatikizapo ya filimu yopambana, ya wotsogolera ndi ya Cecilia Roth. Inapambananso Golden Globe, mphotho za BAFTA ku Britain ndi César ku France. Mu Marichi 2000 inalandira Oscar ya filimu yopambana ya chinenero chosakhala Chingerezi, ndipo amene analengeza anali Penélope Cruz ndi Antonio Banderas.

Kodi ndi yoyenera kuonera ndi ana, nanga munthu wopemphera angaionere?

Si ya ana. Muli mawu olaula ambiri, nkhani za uhule ndi za mankhwala ozunguza bongo, komanso malo ochepa oonetsa maliseche, ndipo ku Britain inaikidwa m'gulu la oonera a zaka 15 kupita m'tsogolo. Munthu wamkulu wopemphera angapezemo zambiri zosagwirizana ndi chikhulupiriro chake, makamaka nkhani ya sisitere wotenga pakati, ndipo ali ndi ufulu wosankha kusaionera. Komabe ndi bwino kudziwa kuti ku Cannes komweko filimuyi inalandiranso mphotho ya gulu la oweruza a mipingo ya Chikatolika ndi Chipulotesitanti. N'zosavuta kuona chimene anaonamo, pakuti nkhani yonse ndi ya mayi amene akudwazika wodwala amene si m'bale wake, akulera mwana wamasiye wobadwa kwa mwamuna amene anamuzunza, ndipo sakufunsa kaye ngati anthuwo ali oyenera.

Kodi ilibe zofooka?

Ili nazo. Zinthu zongochitika mwamwayi zachuluka, moti munthu wofuna nkhani yoyenda ngati moyo wa tsiku ndi tsiku angavutike kukhulupirira kuti Manuela angafike mumzinda waukulu chotero n'kukumana ndi mtsikana yemwe ali ndi mimba ya mwamuna wake, komanso gulu la zisudzo lomwe linakhudzana ndi imfa ya mwana wake. Almodóvar amachita zimenezi mwadala, potsatira mwambo wa nkhani zokhudza mtima zimene anakulira nazo, ndipo luso la osewera limaphimba zambiri. Chofooka chenicheni ndi Rosa, amene sitimva mokwanira chimene chinamukokera kwa Lola kapena mmene chikhulupiriro chake chinagwedezekera, ndipo imfa yake imadutsa mofulumira kwambiri poyerekeza ndi ya Esteban. Nina nayenso amangoonedwa ndi maso a anthu amene atopa naye.

Kumbali ina, Huma amakula bwino kwambiri. Mayi amene sanatsegule zenera la takisi kwa mnyamata uja amadzamva kuchokera kwa Manuela zimene zinachitika usiku umenewo, ndipo chakumapeto timamuona akuyeserera mawu a Federico García Lorca, wolemba ndakatulo ndi masewero amene anaphedwa mu 1936, mawu a mayi amene wapeza mwana wake atagona pamsewu n'kunyowetsa manja ake m'magazi a mwanayo.

Kodi nkhaniyi inachitikapo ngati sewero la pasiteji?

Inde. Mu 2007 nyumba ya zisudzo ya Old Vic ku London inaonetsa sewero lochokera m'filimuyi, limene analemba m'Chingerezi ndi Samuel Adamson, ndipo Lesley Manville anasewera ngati Manuela pamene Diana Rigg anasewera ngati Huma.

Kodi munthu wosadziwa Chisipanishi angaimve, ndipo angapitirize ndi filimu iti?

Filimuyi ndi ya m'Chisipanishi, ndipo makope ambiri amakhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Ndi bwino kuionera ndi mawu enieni a osewerawo, chifukwa kalankhulidwe ka Chiajentina ka Manuela ndi liwiro la pakamwa pa Agrado ndi mbali ya nkhaniyo. Kudziwiratu mwachidule nkhani ya A Streetcar Named Desire kumathandiza, ngakhale kuti si kofunika kwenikweni. Amene akopeka ndi nthabwala za Agrado angapitirize ndi Mujeres al borde de un ataque de nervios ya mu 1988, yonena za mayi wogwira ntchito yolowetsa mawu m'mafilimu amene chibwenzi chake chamuthawa, pamene amene akhudzidwa ndi nkhani ya amayi ndi ana awo angaonere Volver ya mu 2006, mmene Penélope Cruz ali ndi gawo lalikulu ndipo nkhani yake imayambira ku La Mancha, kwawo kwa Almodóvar.